Kamera Imene Inatsala pa Kabati

"Chotsani, atate ake Josiah. Kuyambira m'mawa ndikukupemphani chinthu chimodzi chomwechi. Chotsani."

Whyson sanadzutse n'komwe mutu. Anali pampando wake wa pafupi ndi khomo, laputopu ili pamaondo, chala chikuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosankha mpunga. Maud anaima pakati pa nyumba, thovu la sopo likadali m'mikono, mwana wawo Josiah atakakamira chitenje chake.

"Nichotse chani manje?" anatero Whyson. "Vamene valowa pa intaneti sivichoka. Olo nichotse ine, vili kale mu mafoni ya banthu. Kalingalinga yonse yaona, na ku Matero baona. Iwe uyenera kukondwera, amake Josiah. Ni manja yako yanajambula."

"Sindinajambule ine."

"Nanga ni ndani? Josiah?"

Chimene ankakanganirana chinali vidiyo ya chilangizo cha Taonga, mnzake wa Maud, amene ukwati wake unali kumapeto kwa mwezi womwewo. Chilangizo ndi cha amayi okhaokha, chitseko chotseka, makatani otsitsa. Zimene alangizi amaphunzitsa mkwatibwi m'menemo sizituluka panja, ngakhale mwamuna wako sumufotokozera. Koma tsopano zinali pa tsamba la Whyson la pa intaneti, pomwe amaika mavidiyo a maukwati ndi maliro kuti makasitomala amuone. Panali amayi akuluakulu, ena a mumpingo, atavula mabulauzi, akuvina ndi chiuno ng'oma ikulira, ndipo pakati pawo Taonga atagwada, chitenje chitamuphimba kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Zonsezi zinabwera ndi kamera yatsopano. Whyson anali atagulitsa chikamera chake chakale, chija chinkachita kufuna manja awiri, n'kugula yaing'ono yokwana m'dzanja limodzi. Ankaitchula kuti milalesi, ati chifukwa mkati mwake mulibe kagalasi kamene kamakhala m'makamera ena. Ubwino wake ankaulalikira kwa aliyense wodutsa pakhomo: ndi yopepuka, silira ikamajambula, imaona ngakhale magetsi atapita, ndipo ikapeza nkhope ya munthu imailondola yokha osaitaya. Ankati ngakhale mwana akhoza kujambula nayo.

Choncho akwawo kwa Taonga atanena kuti pa kitchini pate, phwando la amayi lopatsa mkwatibwi mphatso chilangizo chisanayambe, safuna mwamuna, ngakhale wa kamera, Whyson anamupachika Maud lamba wa kamerayo m'khosi n'kumuuza kuti azingoloza basi. Ndipo zinalidi zoona. Maud anajambula mphatso, magule a pabwalo, miphika ndi mbale, mwana ali kumsana, dzanja osatopa. Tsiku limenelo anasangalala. Amayi ankamuitana uku ndi uku, ena akukonza maduku kuti aoneke bwino. Dzuwa litapendeka, amake Nigel, azakhali ake a Taonga amenenso anali mkulu wa alangizi, anaitana amayi okwatiwa kuti alowe m'nyumba. Mafoni onse anatsala panja. Maud anapinda kasikirini ka kamera n'kukatseka, monga ankachitira Whyson ndi chikamera chakale chija, chimene ukangotseka sikirini chinkazima chokha. Anaitchera khutu, inali zii. Anaiika pa kabati pakati pa matambula kuti ana asaigwetse, n'kupita kukaomba m'manja ndi anzake. Sanadziwe kuti yatsopanoyi ukatseka sikirini imapitiriza ntchito yake.

"Amene akuvina m'menemo ndi amayi a anthu," Maud anatero tsopano. "Ena ndi msinkhu wa amayi anu okubalani."

Whyson anayankha kuti chiikireni vidiyoyo foni yake siinaleke kulira, kuti anthu amene sankamudziwa tsopano akumufuna, kuti bizinesi ya masiku ano ndi maso a anthu, ndipo kuti chakudya chimene Maud amaphika sichigwa kumwamba. Anati iyeyo si munthu woipa, anaganizira: nkhope ya Taonga sikuoneka.

"Yamene ioneka nkhope nikali nayo," anawonjezera, akutembenuza laputopu. "Bwera uone chamene kamera iyi ichita mu mdima."

Maud sanafune kuona, koma maso anapita okha. Chipindacho tsiku lija chinali cha mdima, magetsi kulibe, kuwala kukungolowera m'mphepete mwa makatani. Koma pa laputopu zonse zinali mbee ngati masana. Alangizi anachotsa chitenje chija. Taonga anaimirira ndi kansalu kam'chiuno ndi mikanda basi, manja akufuna kubisa chifuwa, amake Nigel akumutsitsa manjawo. Kamera inapeza nkhope yake ndipo siinaisiye. Akatembenuka inkamutsata, akawerama inkamudikira. Ngakhale msozi umene unatsika pafupi ndi mphuno unkaoneka. Kenaka mwadzidzidzi chithunzi chinaduka.

"Banthu bapempha gawo yachiwiri," anatero Whyson. "Sininaganize bwino bwino. Tizaona."

Anatseka laputopu, naiika m'chikwama pamodzi ndi kamera, natuluka akuimba mluzu.

M'mawa mwake Maud anapita kumpope ndi zigubu zake. Mzere unali wautali monga mwa masiku onse a Okutobala, amayi akuseka nkhani ya wina amene mwamuna wake anagwera m'ngalande ataledzera. Atangofika iye kuseka kunatha. Mayi wina wa kuseri kwa tchalitchi anakoka duku n'kuphimba nkhope, nati, "Bisani nkhope banzanga, ba TV bafika." Palibe anaseka mokweza, palibenso anamuikira kumbuyo. Nthawi yake itakwana anatunga, koma pofuna kusenza panalibe womutukula. Anagwada, nakokera chigubu pabondo, kenaka paphewa, madzi akumutayikira m'khosi, Josiah akulira kumsana.

Ku vitumbuwa kunali koipa koposa. Maud ankagulitsa m'mbali mwa msewu, pomwe akalipentala amayanika mabedi ndi masofa ndipo owotcherera zitsulo amapanga mageti. Amayi amene ankagula za ana a sukulu anayamba kudutsa tsidya lina. Koma amuna anachuluka. Ankabwera awiriawiri, manja akuda ndi utsi, kugula chitumbuwa chimodzi n'kumaima pomwepo nthawi yaitali. Wina anamufunsa ngati nayenso amavina choncho kunyumba. Wina anafunsa kuti gawo lachiwiri lituluka liti. Beseni linkatha msanga kuposa kale, ndipo iye ankabwerera kunyumba akumva ngati wagulitsa china chake osati vitumbuwa.

Anapirira masiku angapo, kenaka anapita kwa amake Nigel, kumene Taonga ankakhala. Njira imeneyo miyendo yake inkaidziwa yokha. Pamene anafika mu Lusaka kuchokera ku Katete, mimba ili patsogolo, sukulu ataisiyira panjira, Taonga ndi amene anamuphunzitsa kukwera minibasi osaberedwa, ndi amene anapempha tchuthi kushopu yosindikiza mapepala kumene amagwira ntchito kuti amuperekeze ku kiliniki. Mu Lusaka monse Maud analibe khomo lina limene ankalowa osaodira.

Tsiku limeneli anaodira. Amake Nigel anali pakhonde akusoka diresi la mmodzi wa operekeza mkwatibwi. Sanamupatse mpando. Maud anagwada pa simenti, nafotokoza za sikirini imene anatseka, za chikamera chakale, za kabati. Mayiwo anamvetsera singano ikuyenda. Atatha anamuuza kuti zimenezo n'zotheka, iwo za makamera sazidziwa, koma chimene akudziwa n'chakuti zidzukulu zawo zaona mimba yawo pa foni. Anati akwawo kwa Kabaso, mwamuna wodzakwatira Taonga, anabwera kuchokera ku Matero. Amayi ake a Kabaso ananena kuti zimene zatulukazo azimeza chifukwa mtsikanayo ndi wophimbidwa, koma kukangotuluka china choonetsa thupi lake, iwo sangalandire mpongozi amene makondakitala onse a mu Lusaka amuona. Ukwati uthera pomwepo.

Singano inaima.

"Niuze zoona, mwana iwe. Kuli vina?"

Maud anayang'ana pansi. "Zilipo, amayi."

"Aoneka?"

"Aoneka."

Amake Nigel anapuma mpweya wautali. Mkati mwa nyumba munamveka mbale ikuikidwa pansi pang'onopang'ono, ndipo Maud anadziwa kuti Taonga ali kuseri kwa katani ya pakhomo, akumva zonse. Anadikira kuti katani igwedezeke. Siinagwedezeke.

"Nyamuka," anatero mayiwo. "Mwamuna ni wako, ndiwe ugona naye nyumba imodzi. Ise tilibe chokamba na iwe."

Masabata otsatirawo Maud ankalankhula ndi Josiah yekha. Ankamuuza kuti mafuta akwera, kuti mitambo yayamba kusonkhana koma mvula ikukana, kuti nyerere zalowanso mu shuga. Mwanayo ankayankha zakezake, dovu likutsika. Lamulungu anapita kutchalitchi n'kukhala benchi lakumbuyo, ndipo benchilo linakhala lake yekha mpaka pemphero lomaliza. Kwa amayi ake ku Katete sanaimbe. Akanati chiyani?

Maud anamupempha Whyson mwaulemu kuti afufute vidiyoyo, anamupempha akulira, anamupempha atamuphikira nkhuku. Yankho linali lomwelo, tizaona. Tsiku lina mwamunayo ali kubafa, Maud anatsegula kamera n'kusolola kakhadi kosungira zithunzi, nakabisa m'thumba la ufa. Whyson atazindikira anaseka mpaka kukhosomola. Anati vidiyoyo ili pa laputopu, ilinso pa foni, ndipo kakhadiko akabweze msanga asanakwiye chifukwa muli ntchito za anthu. Maud anakabweza. Laputopuyo Maud anayesapo kuitsegula. Inamufunsa mawu achinsinsi, iye naitseka.

Ndiye kunabwera maliro a ku Chaisa. Whyson anachoka m'mawa atavala jekete, nabwerera madzulo jekete lili m'manja, nkhope itatupa ndi mkwiyo. Maud anali pamkeka akusadzula chibwabwa, masamba a maungu. Sanamufunse kanthu, koma Whyson ankafuna khutu loti athiremo, ndipo m'nyumbamo munali khutu limenelo basi.

Anati kamera yamuchititsa manyazi. Kutchalitchi inagwira bwino, m'kati muli mdima koma nkhope za oimba zikuoneka ngati za pa TV, abusa akulalikira popanda chowasokoneza chifukwa kamerayo silira. Koma kumanda, dzuwa lili pamutu, inayamba kutentha m'manja ngati mbaula. Bokosi likutsikira m'dzenje, namfedwa akugwa pansi, nthawi imene banja lonse limafuna kuti isungidwe, inaonetsa kachizindikiro n'kuzima. Anaitsegula kumalo a batire, anaikupiza ndi pulogalamu ya maliro, anaibisa pansi pa ambulera ya mayi wina, osayaka. Pamene inkayaka anthu anali akuika nkhata.

"Chija chakale chinali cholemera, inde," anatero akuvula nsapato, "koma chinali kugwira kuchoka m'mawa mpaka m'madzulo. Aka kali monga mwana wa ku mayadi. Kazuba pang'ono chabe, kakomoka."

Sizinathere pomwepo. Mabatire ankatha ngati maswiti, moti anayenda nawo odzaza matumba onse a jekete. Ndiponso posintha lenzi, galasi la kutsogolo, pamanda paja, mphepo inauluza fumbi n'kulowa mkati. Popeza mulibe kagalasi kotchinga, fumbilo linakakhala pa diso lenileni la kamera, ndipo vidiyo yonse yotsatira inali ndi kadontho kakuda pamalo amodzi, nthawi zina kumwamba, nthawi zina pamphumi pa abusa. Mchimwene wa malemuyo, amene kuyambira m'mawa ankayang'ana kamerayo mokayika, ananena pamaso pa anthu kuti iwo anaitana wojambula, osati munthu wobwera ndi chidole cha mwana. Anati auza aliyense ku Chaisa.

Maud anapitiriza kusadzula, ulusi wa chibwabwa ukuunjikana pambali. Kenaka anafunsa, osakweza mutu, ngati n'chifukwa chomwecho vidiyo ya Taonga inaduka panjira.

"Ehe. Inatentha pa kabati paja. Sembe inalimba, sembe tili na vonse mpaka kumapeto."

Maud anadziwa zimene zinachitika kumapetoko, chifukwa analipo. Anayamba kuyeza kamerayo mumtima mwake monga amayezera ufa. Kupepuka kwake n'kumene kunachititsa kuti iye ainyamule kupita nayo kumene mwamuna sakanalowa. Kusalira kwake n'kumene kunamunamiza. Kuona kwake mumdima n'kumene kunavula Taonga, ndipo kulondola kwake nkhope n'kumene kunachititsa kuti pasakhale wokana kuti ndi iyeyo. Zonse zimene Whyson ankaitamira zinamupweteka mnzake. Chimene chinamumvera chisoni ndi chilema chake chokha. Chitsulo chinafika potentha n'kutseka diso, koma munthu amene Maud ankadya naye mbale imodzi sanafikepo pamenepo.

Mawu a ku Chaisa anayenda msanga. Anthu awiri amene anali atamulonjeza Whyson ntchito anaimba kuti apeza wina. Whyson ankakhala pampando wake uja akuyang'ana foni imene tsopano inali chete, mwendo ukugwedezeka. Ntchito imene inatsala inali imodzi, chinkhoswe cha Loweruka ku Mtendere.

Lachinayi masana mmodzi wa owotcherera zitsulo anafika pa beseni la vitumbuwa akumwetulira, magalasi akuda ali pamphumi. Anamuonetsa Maud foni. Maud kuwerenga Chingerezi ankachita kugwiragwira, koma izi anazimva. Pa tsamba la Whyson panalembedwa kuti gawo lachiwiri lituluka mawa madzulo, ndipo aliyense auze mnzake.

Kunyumba sanafunse kanthu. Anaphika, anapakula, anatsuka mbale. Whyson naye sanatchule.

Lachisanu m'mawa Whyson anati akupita m'tauni kukafuna mankhwala opukutira fumbi lija, chifukwa sangapite ku Mtendere ndi kadontho. Chikwama cha ntchito anachikankhira pansi pa bedi. Maud anaima pakhomo mpaka mwamunayo atakhota pa shopu ya mageti. Kenaka anakoka chikwamacho, natulutsa laputopu, kamera, ndi kabokosi ka makhadi. Anaziyala m'beseni lochapira, pansi ataika thaulo kuti zisagundane, pamwamba naunjika zovala za Josiah. Anabereka mwana, anasenza beseni, anakhoma chitseko.

Anadutsa pampope amayi akumuyang'ana. Mayi wa duku uja ananena kanthu kena, koma Maud sanamve. Beseni silinali lolemera. Chimene chinkamulemera ndi kudziwa kuti nyumba imene wakhomayo mwina sadzaitsegulanso ngati yake.

Amake Nigel anali pakhonde pomwe paja. Maud anatula beseni pamapazi awo, nachotsa zovala za mwana.

"Zonse zili umu, amayi. Ine kufufuta sindidziwa. Yatsala foni, ali nayo m'thumba. Akufuna kuika lero madzulo. Mawa ali ndi ntchito ku Mtendere, ndipo popanda izi sangapite. Abwera yekha."

Mayiwo anayang'ana beseni, anayang'ana Maud. Anaitana mwana wa neba n'kumutuma kwa alangizi anzawo. Pasanapite nthawi pakhonde panadzaza amayi, omwe aja a mu vidiyo, atakhala mwakachetechete miyendo atatambasula. Beseni analilowetsa m'nyumba. Maud anakhala payekha pansi pa mtengo wa mapeyala, akuyamwitsa. Palibe anamuthamangitsa, palibe anamulankhula.

Whyson anafika dzuwa lili pamutu, thukuta lili chuchuchu, malaya atatuluka m'thalauza. Anayamba ndi Maud. Anamutcha wakuba, mfiti, munthu wa kumudzi wosadziwa chimene chimamudyetsa. Maud anangosintha mwana bere. Ndiye anatembenukira kukhonde, natsitsa mawu pang'ono, nati katundu amene ali m'nyumbamo ndi wake ndipo akapanda kumupatsa apita kupolisi.

"Pitani, ba Whyson," anatero amake Nigel. "Tizapita pamodzi. Beseni nizanyamula neka. Tikafika muzabatsegulira ba polisi, baone vamene musunga, na vamene munalemba dzulo kuti muzaonetsa dziko. Kapena mufuna tiyambe taitana bamai banu? Nambala tili nayo."

Mayi wina wachikulire, amene mu vidiyo muja ankaimba ng'oma, anawonjezera kuti popeza mwanayu amakonda kuona azimayi ake ali chivulire, iwo akhoza kumuvulira pomwepo, masana ano, pamaso pa Kalingalinga yonse, kuti akhute. Anayamba kumasula mfundo ya chitenje. Amayi ena anaimirira nawo. Anthu anali atayamba kale kusonkhana kumpanda.

Whyson anabwerera m'mbuyo, manja ali m'mwamba. Munthu wobadwira m'komboni monga Kalingalinga amadziwa kuti mayi wamkulu akakuvulira dala, tsoka lake sulisamba ndi sopo. Mawu ake anasanduka aang'ono. Anati sipafunika zonsezo, iye amangoseka, sakanaika. Anati amubweretsere laputopu afufute yekha.

"Osati imwe," anamveka mawu a Taonga kuchokera m'nyumba.

Katani ya pakhomo inatseguka. Taonga anatuluka atanyamula beseni lija. Anali ataonda, tsitsi losaluka, atavala juzi ngakhale kunkatentha. Maud anali asanamuone chichitikireni zonsezi, ndipo anaimirira osadziwa kuti waimiriranji. Taonga sanayang'ane kumtengo. Anakhala pa sitepe, naika laputopu pamaondo, nauza Whyson kuti alembe mawu achinsinsi ndi kuika foni yake pambali pake. Whyson anachita zonse ziwiri.

Ntchito imeneyo Taonga ankaidziwa, ndi ya tsiku ndi tsiku kushopu kwawo. Anafufuza foda ndi foda. Kuti atsimikize kuti ndi yomweyo anayenera kuitsegula, ndipo ng'oma inamveka pang'ono pakhondepo iye asanatsitse mawu. Amayi anayang'ana kumbali. Taonga yekha ndi amene anayang'ana, nkhope ili gwa, akudziona yekha mmene anthu akanamuonera madzulo a tsikulo. Anafufuta. Anapita kumene zofufutidwa zimakabisala, nafufutanso. Anachita chimodzimodzi pa foni, kenaka pa tsamba, gawo loyamba lija ndi chilengezo chomwe. Makhadi anawalowetsa limodzilimodzi. Atapeza limene linali ndi chilangizo, Whyson anati m'menemo mulinso ukwati wa anthu ena umene sanaupereke. Taonga anasamutsira ukwatiwo pa laputopu, natulutsa khadilo, napempha sizasi ya azakhali ake, nalidula pakati.

Atatha anabweza zonse m'beseni n'kulikankhira kwa Whyson ndi phazi. Whyson anatola katundu wake m'manja, beseni nalisiya. Podutsa pamtengo paja anaima pang'ono.

"Wanivula pa banthu," anatero motsitsa. "Ukhale nayo nyumba yako."

Anatuluka pageti anthu akumupatukira.

Amayi anayamba kumwazikana. Taonga anaimirira kuti alowe, koma pakhomo anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana Maud m'maso.

"Unaiona?"

"Ndinaiona."

"Yonse?"

"Mpaka pamene inadukira."

Taonga anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sangagule. Maud anaganiza kuti mwina Taonga anena dzina lake. Koma anangokoka juzi, nalowa, katani n'kugwa. Amake Nigel anatola zovala za Josiah zimene zinali pa simenti, anazipinda bwinobwino, anaziika m'beseni, namusenzetsa Maud. Anali munthu woyamba kumutukula katundu mwezi umenewo.

Whyson sanagone pakhomo tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Anatumiza mnzake kudzatenga zovala, ndipo mnzakeyo ndi amene ananena kuti akukhala ku Matero. Maud anapitiriza kukazinga vitumbuwa. Amuna a zitsulo aja anasiya kuima pa beseni lake, amayi nawo sanabwerere msanga, moti masiku ena ankabwerera nazo zotsala n'kudya yekha ndi mwana, zozizira, ndi tiyi wopanda mkaka.

Khadi la ukwati silinabwere, ndipo iye sanaliyembekezere. Loweruka lomaliza la mwezi anali kuseri kwa nyumba akuchapa pamene anamva mahutala kumsewu waukulu, ambirimbiri, akulira mosinthana. Anasiya zochapa m'madzi, ananyamula Josiah, nakwera pa njerwa zimene eni nyumba anaunjika pafupi ndi mpanda. Kuchokera pamenepo msewu unkaoneka kachidutswa chabe, pakati pa shopu ya mageti ndi mulu wa masofa. Magalimoto anadutsa pakampata kameneko imodzi imodzi, maliboni akuuluka. Mu yachiwiri munali choyera, ndipo pambali pa choyeracho panali mwamuna wa suti.

"Ona, Josiah. Ba anti bako abo. Akwatiwa."

Mwanayo ankayang'ana nkhuku ya aneba. Mahutala anapita akuchepa cha ku Matero. Maud anaika dzanja pakamwa, naimba nthungululu, yekha, pamwamba pa njerwa, mpaka mpweya unamuthera. Kenaka anatsika mosamala kuti asagwetse mwana, nabwerera ku zochapa zake madzi asanaphwe.